Tsiku limodzi ku Chicago: kodi kummwera n'koopsadi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene ali ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, komwe anapita kukaona chidzukulu. Ana awo akufuna kukawaonetsa Chicago Loweruka likubwerali, koma anzawo awaopseza kuti asayerekeze kuponda kummwera kwa mzindawo, ati kuli zigawenga zokhazokha. Ndiye akufunsa kuti akaone chiyani, nanga zomwe amvazo n'zoona?

Zikomo mayi polemba. Galimoto muisiye pakhomo, kuimika pakati pa Chicago kumadya ndalama. Mukakwere sitima ya South Shore Line pa bwalo la ndege la South Bend, ndipo musaiwale kuti nthawi ya ku Chicago imatsalira ndi ola limodzi.

Alendo ambiri amakatsikira kumapeto, pa Millennium Station. Pompo pali Millennium Park, yomwe inatsegulidwa mu 2004, ndi chitsulo chonyezimira chija chooneka ngati nyemba, Cloud Gate, pomwe aliyense amajambulitsa. Chapatsogolo pali Willis Tower, yotalika mamita 442. Pa nsanjika ya 103 anaikapo timabokosi tagalasi totulukira kunja, moti ukaimamo umaona msewu pansi pa nsapato zako. Kukakhala mitambo musawononge ndalama, simukaonako kanthu.

Koma ine ndinganene kuti muyambe mwatsikira pa 57th Street, ku Hyde Park, kummwera komwe akukuletsaniko. Mukayenda pang'ono mupeza University of Chicago, yomwe inayamba mu 1890 ndi ndalama za John D. Rockefeller. Pasukulu imeneyi ndi pomwe Kamuzu Banda anatenga digiri yake mu 1931, asanapite kukaphunzira udotolo ku Meharry, ku Nashville. Ali ku Chicago ankakhala pansi ndi katswiri wa zinenero Mark Hanna Watkins, kumutchulira mawu ndi ziganizo, mpaka mu 1937 panatuluka buku la galamala ya Chichewa. Tangoganizani mayi, chinenero cha ku Kasungu chikulembedwa kunja kukugwa chipale. Pa yunivesite yomweyo, pansi pa mipando ya bwalo lamasewero, Enrico Fermi ndi anzake anayatsa koyamba mphamvu ya nyukiliya pa 2 December 1942, ndipo pali chosema cha Henry Moore chokumbutsa zimenezo. Barack Obama anaphunzitsapo zamalamulo, nyumba yake ili ku Kenwood, dera loyandikana nalo.

Ngati mwatenga ana, Museum of Science and Industry ili pafupi ndi siteshoni, m'nyumba yotsala pa chionetsero chachikulu cha 1893. M'katimo muli sitima yankhondo ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi, yathunthu.

Tsono za zigawengazo. Kuwomberana kulipo ndithu, sindingakunamizeni, koma kumachuluka m'madera ena ake. Chicago ili ndi madera 77, ndipo kummwera kwatenga gawo lalikulu la mzinda wonse. Umphawi wa madera enawo uli ndi gwero lake. Anthu akuda atayamba kusamukira kuno mwaunyinji kuchokera ku Mississippi ndi zigawo zina cha m'ma 1916, anapanikizidwa ku Bronzeville, eni nyumba akukana kuwagulitsa kwina, mabanki akuwamana ngongole. Komweko ankasindikizako nyuzipepala ya Chicago Defender, ndipo Louis Armstrong ankaliza lipenga lake m'makalabu a kumeneko. Mbiri imeneyi mukaipeza ku Washington Park, mu DuSable Museum, yotchedwa dzina la munthu wakuda amene anayamba kukhazikika pakamwa pa mtsinje wa Chicago mzinda usanakhalepo.

Ku Hyde Park masana mukakumana ndi ophunzira ndi azimayi okankha ana, ndipo yunivesite ili ndi apolisi akeake. Mutenge jekete lochindikala, mphepo ya ku Lake Michigan ilibe ulemu, komanso ana aone nthawi ya sitima yobwerera musananyamuke, chifukwa Loweruka zimayenda zochepa.