Kodi kampani ingakhale mwini wa chitetezo cha m'thupi?

FUNSO: Mkulu wanga anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo adokotala anatchula mankhwala otchedwa trastuzumab. Anati ndi ma antibody ofanana ndi amene thupi limapanga lokha, koma ndi odula chifukwa cha patenti. Ine ndikudziwa kuti poyeza HIV amafufuzanso ma antibody, koma kachipangizo kake n'kotchipa. Zitheka bwanji kuti chinthu chimene tinabadwa nacho m'magazi chikhale ndi mwini wake? Nanga bwanji china chili chodula china chotchipa? Mayi wodandaula.

YANKHO: Pepani kwambiri, mayi, ndi matenda a akulu anuwo. Ma antibody, mapuloteni amene thupi limapanga kuti lilimbane ndi matenda, amene ali m'magazi mwanu alibe mwini wina koma inu. Chimene kampani imalembetsa ndi antibody imodzi imene yakonzedwa mu labotale, njira yoipangira, kapena ntchito yatsopano imene yapezeka nayo. Patenti ndi pangano: wotulukira amaulula poyera mmene wapangira chinthucho, boma n'kumupatsa zaka 20, kuwerengera pa tsiku lolembetsa, zoti wina asachipange kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake.

Chodabwitsa n'chakuti luso limene linabala zonsezi silinalembetsedwe n'komwe. Mu 1975, ku Cambridge m'dziko la Britain, asayansi Georges Köhler ndi César Milstein anatenga maselo opanga ma antibody mu kapamba wa mbewa n'kuwalumikiza ndi maselo a khansa amene amangochulukana osafa. Selo lobadwa pamenepo linkatulutsa antibody ya mtundu umodzi wokha, mosalekeza. Bungwe la boma la Britain limene linkaona za mapatenti silinaone phindu lake msanga, ndipo luso linapita kudziko lonse ulere. Sipanapite nthawi, a ku Wistar Institute ku Philadelphia analandira mapatenti a ma antibody olimbana ndi zotupa ndi mavairasi, opangidwa m'njira yomweyo. Ku Britain kunali kuloza zala. Ine ndimaona kuti kulephera kwa bungwe lija kunathandiza odwala, chifukwa malabotale ambirimbiri anayamba ntchitoyi osapempha kwa munthu.

Ma antibody a mbewa thupi la munthu limawakana ngati mlendo. Greg Winter, wa ku Cambridge komweko, ndiye anapeza m'zaka za m'ma 1980 njira yotengera kansonga kokha ka antibody ya mbewa n'kukaika pa antibody ya munthu. Iyi ndiye inalembetsedwa, koma chilolezo chinkaperekedwa kwa makampani ambiri. Trastuzumab, yemwe anavomerezedwa ku America mu 1998 ndi dzina la Herceptin, ndi wa mtundu umenewu.

Tsono apa mumvetse bwino. Adokotala ananena zoona, koma mbali imodzi. Patenti yaikulu ya trastuzumab inatha ku Ulaya mu 2014 ndipo ku America mu 2019. Makampani ena akupanga ofanana nawo, otchedwa biosimilar, ndipo mu December 2019 bungwe la WHO linavomereza woyamba mwa iwo kuti mayiko azigula mosakayika. Mtengo unatsika, koma sunagwe pansi ngati mmene zinachitikira ndi ma ARV. Mapiritsi ali ngati njerwa: ukakhala ndi chikombole ndi dothi loyenera, yachikwi imafanana ndi yoyamba. Antibody saumba, amachita kuweta. Amalera maselo amoyo, nthawi zambiri ochokera ku kanyama kotchedwa hamster, m'matanki aakulu achitsulo, ndipo kutentha kapena chakudya cha maselowo chikasintha pang'ono, chotulukacho chimasinthanso. Patenti imaulula zambiri, koma ukadaulo wa fakitale umakhalabe chinsinsi cha eni ake. Wopanga wachiwiri amayenera kumanga fakitale yake, kuonetsa umboni kuti mankhwala ake akugwira ntchito mofanana, kenako kuwasunga mozizira mpaka afike kwa wodwala.

Kusiyana kwa mtengo kumene mwafunsa kwagona pa kuchuluka. Pa kachipangizo koyezera magazi amapakapo kakang'ono kosaoneka ndi maso. Pa trastuzumab, munthu wolemera makilogalamu 60 amalandira pafupifupi mamiligalamu 360 masabata atatu alionse, ndipo khansa ikapezeka msanga amapitiriza chaka chathunthu. Ndikonzeko pang'ono chinthu china: pa kachipangizo ka HIV amaikapo tizidutswa tofanana ndi ta kachilombo, tokola ma antibody anu, n'chifukwa chake munthu amene wangotenga kumene kachilombo sapezeka nako mpaka thupi litayamba kuwapanga. Pa ka malungo ndi ka mimba zimatembenuka: ma antibody a mu labotale ndi amene amadikira pa kapepalako kuti akole chizindikiro cha kachilombo kapena cha pathupi.

Musaganize kuti zoyezera zinalibe mikangano. Kuyeza HIV kutangoyamba mu 1985, Institut Pasteur ya ku Paris, kumene kunali Luc Montagnier ndi Françoise Barré-Sinoussi, inakangana ndi boma la America pa patenti ya gulu la Robert Gallo. Nkhaniyo inatha mu 1987, pulezidenti wa America Ronald Reagan ndi nduna yaikulu ya France Jacques Chirac atalengeza kuti mbali ziwirizo zizigawana ndalama. Komanso alipo ena, monga Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson, amene anakana dala kulembetsa njira yawo yoyezera timadzi ta m'thupi pogwiritsa ntchito ma antibody.

Chimene chimandinyansa ine si patenti yeniyeniyo, poti kufufuza mankhwala kumadya ndalama ndipo ambiri amalephera panjira. Ndi chizolowezi chounjika mapatenti. Patenti yaikulu ya Humira, mankhwala a nyamakazi, inatha ku America mu 2016, koma kampani yake inali italembetsa ena opitirira 100 okhudza kapangidwe, kasakanizidwe ndi kaperekedwe. Ku Ulaya opikisana nawo analowa mu 2018, ku America anadikira mpaka 2023. Zaka 20 zinatalikitsidwa ndi maloya, osati asayansi.

Za akulu anu, kafunseni zitatu izi kuchipatala. Kodi chotupacho chinayezedwa HER2? Trastuzumab amathandiza okhawo amene chotupa chawo chili ndi puloteni imeneyi yochuluka, pafupifupi mmodzi mwa odwala asanu, ndipo kuyezako amagwiritsanso ntchito ma antibody pa kachidutswa ka chotupa. Ngati alibe, musagulitse katundu kufunafuna mankhwala amene sangawathandize. Ngati ali nayo, funsani ngati biosimilar ikupezeka, ndiponso ngati awayeza mtima asanayambe, chifukwa mankhwalawa nthawi zina amafooketsa mtima ndipo amafunika kuuyang'anira mpaka amalize.