Za mpira wagalasi munafunsa zija

Eee, asuweni, pepani ndachedwa kuyankha, ndinali kudimba, netiweki ya kuno ku Bembeke mukuidziwa. Ndiye mwati chiyani... zija za m'mafilimu, mayi atavala duku akusuzumira mumpira wagalasi n'kumanena zam'tsogolo, pa Chichewa timati chiyani? Inuyo? Mwayamba liti kukonda Chichewa chonchi, munthu amene munkathawa m'kalasi kukaba mapichesi?

Ndi kuombeza basi. Kuombeza ula. Mpira ndi wa azungu, kwathu kuno ena amaonera pakalilole, ena m'madzi a m'beseni, ena amafunsa nsupa. Azunguwonso sanayambe lero, mfumukazi Elizabeth woyamba wa ku England anali ndi munthu wake, John Dee, amene ankayang'ana pamwala wakuda wonyezimira, uli ku British Museum mpaka pano. Ndiye za mchape za m'ma 1930 agogo ankakamba zija, anthu kuwandandalika pamzere n'kumawaonera pakalilole kuti mfiti ndani.

Koma... dikirani. Mukukumbuka njinga ya amalume? Chaka cha malata chija. Ayi, ndanama, malata anali atapita kale, chinali chaka cha chinkhoswe chosatheka chija. Eya. Njinga yasowa, amalume osadya nsima. M'mawa anakwera minibasi mpaka pa Lizulu, n'kungodumpha msewu, poti tsidya lakelo ndi Mozambique kale. Akuti asing'anga a kumeneko ndiwo enieni. Atafika anawauza kuti nkhuku yoyera, ndalama pambale, nsapato muvule. Kenako bambo aja anatulutsa galasi, lija la m'mbali mwa galimoto, long'aluka pakona, n'kulipaka mafuta, kuwaza ufa, akuti yang'anani bwino wakubayo aoneka. Amalume kutong'ola maso, kutong'ola maso, akungoona nkhope yawo yomwe ndi chipewa chawo chija! Sing'anga akuti, "Ameneyo ndi wapafupi, mumadya naye mbale imodzi."

Basi, amalume kubwera kuno moto. Mlandu wonse pa alamu awo. Kutukwanizana pamaliro, mpaka kwa amfumu, ndipo anachita mwayi, paja lamulo la 1911 lija likadalipo, kuloza munthu ufiti ndi mlandu, ndiye iwo anali atayamba kale kunena kuti njinga inatengedwa m'matsenga. Mvula inagwa n'kutha anthu osapatsana moni. Kenako mayi wina wa kachasu akubwera nayo njinga chokankha, akuti bwanji simukudzaombola chikole chanu? Hahaha! Iii, ine m'mimba. Galasi lija silinaname ayi, linawaonetsa mwini wake.

Ndiye asuweni, tisazungulire. Ndamva kuti ndalama za feteleza zasowa m'nyumba mwanu, ndipo winawake wakuuzani za munthu wa kalilole. Musapiteko. Akakuuzani kuti ndi wapafupi, inu mubwera mukuyang'ana apongozi ndi diso lofiira, zotsalazo mutasiyanso pambale.

Khalani pansi ndi bambo a kunyumbako usiku ana atagona, muwafunse mofatsa. Mofatsa ndati, osati mmene mumafunsira inu muja. Kwa sing'anga ayi, mwamva? Yambani mwafunsa m'nyumba momwemo.

Aaa, batire ikutha. Loweruka ndikubweretserani kachewere, koma ndikadzamva kuti munadumpha msewu pa Lizulu, ndikauza amayi anu. Funsani alamu anga kaye, mundiuze zomwe ayankhe.