Glenda Jackson, wazisudzo amene anakhala phungu zaka 23

Mayi wina wanditumizira funso pa imelo. Akuti iwo ndi amuna awo anatsutsana: bambowo akunena kuti munthu wazisudzo akalowa ndale amangodyera kutchuka, ndipo luso lake limathera pomwepo. Ndiye akufunsa ngati alipo wina amene anachita zonse ziwiri osachititsa manyazi mbali iliyonse.

Alipo mayi, ndipo dzina lake muwauze bambowo: Glenda Jackson wa ku Britain.

Anabadwa mu 1936 ku Birkenhead, pafupi ndi Liverpool, m'banja losauka. Bambo ake anali mmisiri womanga nyumba. Atasiya sukulu anagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala ya Boots, kenaka mu 1954 anapeza mwayi wokaphunzira zisudzo pa RADA, sukulu yotchuka ya zisudzo ku London, mothandizidwa. Zaka zotsatira zinali zowawa, ntchito imapezeka mwa apo ndi apo, mpaka atalowa gulu lotchuka la zisudzo la Royal Shakespeare Company. Kumeneko wotsogolera masewero Peter Brook anamupatsa mbali ya Charlotte Corday m'sewero la Marat/Sade, ndipo anthu anayamba kufunsana kuti mtsikana wa mawu akuthwa chonchiyu ndi ndani.

Mphotho ya Oscar, yaikulu ya mafilimu ku America, anapata kawiri, pa Women in Love ndi pa A Touch of Class, koma maulendo onse awiri sanapite kukailandira. Mu 1971, posewera Mfumukazi Elizabeth Yoyamba pa kanema wa BBC, analola kumetedwa tsitsi la kutsogolo kuti mphumi yake ifanane ndi ya mfumukaziyo. Chaka chomwecho anakasewera Cleopatra mwanthabwala m'pologalamu ya pa TV ya anthabwala awiri, Morecambe ndi Wise, ndipo n'pomwe ambiri anadziwira kuti mayi wankhope yolimbayu amathanso kuseketsa.

Tsono apa mpamene pagona nkhani yanu. Mu 1992 anaimira chipani cha Labour kudera la Hampstead and Highgate, napambana, ndipo zisudzo anazisiyiratu. Sanachite zoti m'mawa ali ku nyumba ya malamulo, madzulo ali pa siteji. Tony Blair atatenga boma mu 1997 anamupatsa udindo waung'ono mu unduna wa zamtengatenga, ndipo anakhalapo mpaka 1999. Pambuyo pake anamudzudzula Blair yemweyo poyera chifukwa cha nkhondo ya ku Iraq. Kutchuka sikunamuteteze ayi: mu 2010 anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ataposa womutsatira ndi mavoti 42 okha. Mu 2013, aphungu atasonkhana kukumbukira Margaret Thatcher, nduna yaikulu yakale ya chipani cha Conservative, amene anali atangomwalira, iye anaimirira n'kunena mosapsatira za mavuto omwe ulamuliro wa mayiyo unabweretsa kwa anthu osauka, uku aphungu a Conservative akumukuwiza. Kanema wake alipo pa YouTube. Ena amati anasowa ulemu pa maliro, ndipo ine ndimawamvetsa, komabe mukamamumva mumadziwa kuti sakusewera.

Kodi anali wandale wamkulu? Ayi, tisanamizane. Sanafike pokhala nduna yaikulu, ndipo atafuna kuti Labour imusankhe kuimira umeya wa London sizinatheke. Anali phungu wolimbikira wa dera lake, basi.

Koma pa zoti luso limafa, bambowo alakwitsa. Atapuma pa uphungu mu 2015, chaka chotsatira anabwerera pa siteji ya Old Vic, nyumba ya zisudzo ya ku London, ali ndi zaka 80, kusewera King Lear, mbali ya mwamuna, m'sewero lalitali lomwe limatopetsa ngakhale anthu a mphamvu zawo. Mu 2018 anapata mphotho ya Tony, ya masewero a pa siteji, ku New York pa Three Tall Women, ndipo mu 2020 ya BAFTA, ya makanema ku Britain, pa Elizabeth Is Missing, momwe anasewera gogo amene mutu wayamba kuiwalaiwala. Anamwalira mu June 2023 ali ndi zaka 87, atamaliza kujambula filimu ya The Great Escaper ndi wazisudzo mnzake Michael Caine.

Mukafuna kuonera limodzi ndi bambowo, yambani ndi Elizabeth Is Missing, chifukwa ndi imene anasewera atachoka kale ku ndale.