Kufufuza mudzi wa agogo ku China kumayambira pa mwala wa pamanda

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Blantyre, ndipo andilola kuwayankhira pano popanda kutchula dzina lawo. Agogo awo aamuna, bambo a mayi awo, anali Mtchaina, kalipentala, yemwe ankagwira ntchito ku Beira dziko la Mozambique lisanalandire ufulu. Anakwatira mayi wa ku chigwa cha Shire, anabereka ana, ndipo atamwalira anaikidwa ku Beira komweko. Zimene banja latsala nazo ndi chithunzi chimodzi, dzina lolembedwa m'zilembo zathuzi loyamba ndi "Ah", komanso mawu a akuluakulu akuti gogoyo anachokera ku Canton. Funso lawo ndi ili: "Kodi n'zotheka kupeza mudzi weniweni kumene agogo anabadwira? Ndasunga kandalama koti chaka chamawa ndipite ku Guangzhou ndikafunse."

Mayi, n'zotheka, ndipo mabanja ambiri a ku America, Australia, Mauritius ndi South Africa anaipeza midzi ya makolo awo patapita zaka zoposa 100. Koma ulendo wa ku Guangzhou uyambe wadikira, chifukwa zimene muli nazo panopa sizingakufikitseni pakhomo pa munthu aliyense. Kufika kumeneko ndi dzina la "Ah" ndiponso mawu akuti Canton n'chimodzimodzi kutsika basi ku Lilongwe n'kumafunsa anthu kumene a Phiri amakhala. Mukufunika zinthu ziwiri zokha, koma zonsezo zikhale m'zilembo za Chitchaina: dzina lenileni la agogo, ndi dzina la boma ndi mudzi wawo.

Azungu akale akamati Canton ankanena mzinda wa Guangzhou, koma nthawi zambiri ankatanthauzanso chigawo chonse cha Guangdong, chomwe pa kalembera wa 2020 chinali ndi anthu pafupifupi 126 miliyoni. Anthu amene ankapita kunja m'zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900 ambiri sanali a mumzinda. Anali ana a alimi ochokera m'maboma monga awa: Taishan, Kaiping, Xinhui ndi Enping, omwe pamodzi amatchedwa Sze Yup, Nanhai, Panyu ndi Shunde, omwe ndi Sam Yup, komanso Zhongshan, ndi Meixian kwawo kwa anthu a Chihakka. Ankakokana paubale, wina akakhazikika n'kuitana mng'ono wake kapena mwana wa m'bale wake, kotero kuti Atchaina a m'tauni imodzi ya kunja kawirikawiri ankachokera m'midzi yoyandikana. Wina akadzakuuzani kuti agogo anu ayenera kuti anali m'gulu la anthu oposa 63,000 amene anabwera kudzakumba golide ku Transvaal, ku South Africa, kuyambira mu 1904, musafulumire kukhulupirira. Ambiri a iwo anali a kumpoto kwa China, ndipo pofika mu 1910 pafupifupi onse anali atabwezedwa kwawo.

Dzina ndiye limasokoneza kwambiri. Mtchaina amayamba kutchula dzina la banja, lake n'kubwera pambuyo, koma makalaliki a atsamunda ankalemba mmene makutu awo amvera, nthawi zina n'kutembenuza, dzina la munthu n'kukhala la banja. "Ah" si dzina la banja ayi. Ndi kamawu kamene amaika patsogolo pa dzina poitana munthu womuzolowera. Zikutanthauza kuti pa pepala limene muli nalolo mwina dzina la banja la agogo palibepo n'komwe. Ngakhale likanakhalapo, zilembo zathuzi sizikwanira. Dzina limodzi lomwelo limalembedwa Chen ku Beijing, Chan ku Hong Kong, Tan ku Fujian, ndipo Chin kwa anthu a ku Taishan, pamene Wong likhoza kuimira maina awiri osiyana a mabanja osagwirizana konse. Onjezaniponso kuti mwamuna ankakhala ndi dzina la paubwana, lina lapasukulu, ndi lina lolandira akakula kapena akakwatira, ndipo limene lili m'buku la banja kumudzi likhoza kukhala lomwe mayi anu sanalimvepo.

N'chifukwa chake ulendo wanu woyamba uyenera kukhala wa ku Beira, kumanda. Atchaina okhala kunja ankaonetsetsa kuti mwala wa pamanda unene kwawo kwa womwalira, pakuti ambiri ankayembekeza kuti mafupa awo adzafukulidwa n'kutumizidwa kumudzi, ndipo ku Hong Kong bungwe la Tung Wah linali ndi nyumba yosungiramo mabokosi a mafupa otere podikira kuti apitirire. Mwalawo umawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi, kuyambira mzere wa kudzanja lamanja. Mzere wapakati, wa zilembo zazikulu, ndi dzina la womwalira. Chigawo ndi boma zimalembedwa pamwamba mopingasa kapena mu mzere wa m'mbali, ndipo mudzi umatsatira pamenepo. Masiku amatha kulembedwa mowerengera zaka za Republic of China, zomwe chaka chake choyamba ndi 1912, choncho mukaona chaka cha 40 muwonjezere 1911 kuti mupeze 1951.

Mukaupeza mwalawo musaukwecheze ndi bulashi ya waya, ndiponso musaupake penti kuti zilembo zioneke, chifukwa kamzere kamodzi kakafufutika chilembo chimasanduka china. Tsukani ndi madzi ndi bulashi yofewa, ndipo mujambule m'mamawa kapena chakumadzulo, dzuwa likamawomba cham'mbali, kuti mithunzi ilowe m'mizere yogobayo. Jambulani mwala wonse, kenako mzere uliwonse paokha. Mujambulenso miyala yoyandikana nayo, pakuti ngati wa agogo unagumuka, wa msuweni wawo wa dzina limodzi ukhoza kutchula mudzi womwewo. Zithunzizo muonetse anthu awiri osiyana odziwa zilembo zakale, popeza kuyambira mu 1956 boma la China linafewetsa zilembo zambiri, ndipo wachinyamata wa pa shopu, ngakhale ali wofunitsitsa kuthandiza, akhoza kuphonya chilembo chosowa cha dzina la mudzi.

Ngati mwala palibe, funsani achibale onse za kapepala kalikonse kolembedwa Chitchaina: kuseri kwa chithunzi chija, envulopu yakale, chidindo cha dzina, kapena lisiti. Anthu okhala kunja ankatumiza ndalama kwawo pamodzi ndi kalata, ndipo mayankho ankabwera ndi dzina la mudzi. Makalata amenewa amatchedwa qiaopi, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa zolembedwa zofunika kusungidwa padziko lonse. Atchaina a ku Beira anali ndi bungwe lawo la Chee Kung Tong, ndipo ambiri a iwo anachoka cha m'ma 1975 kupita ku Portugal ndi ku Brazil, makamaka mumzinda wa Curitiba. Ana awo amakumbukirabe mabanja a ku Beira, ndipo nkhalamba imodzi ikaona chithunzi cha agogo ikhoza kukuuzani zimene ofesi iliyonse singakuuzeni. Mapepala a boma amabwera pambuyo pa zonsezi. Mzinda wa Beira unkalamulidwa ndi Companhia de Moçambique mpaka 1942, ndipo zolemba za nthawi imeneyo zimasungidwa ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo ndi ku Torre do Tombo ku Lisbon, koma kalaliki wa Chipwitikizi ankakhutira akangolemba kuti munthuyo ndi wa ku Cantão kapena Macau.

Dzina la mudzi mukalipeza, musadabwe likapanda kuoneka pa mapu a lero. Boma la Taishan linkatchedwa Xinning mpaka 1914, ndipo m'mapepala akale limalembedwa Sunning. Zhongshan linali Xiangshan mpaka 1925, pamene analisintha polemekeza Sun Yat-sen, mtsogoleri woyamba wa Republic of China. Nanhai ndi Shunde tsopano ndi mbali za mzinda wa Foshan, ndipo midzi ina inamezedwa ndi mafakitale. Midzi yambiri ili ndi maina ofanana, choncho chokuthandizani ndi chakuti kumwera kwa China mudzi umodzi kawirikawiri umakhala wa anthu a dzina limodzi la banja. M'zaka za m'ma 1960 ofesi ya kazembe wa America ku Hong Kong inalemba mndandanda wa midzi ya ku Taishan, Kaiping, Xinhui ndi Zhongshan pamodzi ndi maina a mabanja okhala m'mudzi uliwonse, pofuna kugwira anthu onama popempha chilolezo cholowera m'dziko lawo. Mndandandawo uli pa intaneti pansi pa dzina la Village Database, ndipo lero umathandiza zidzukulu za anthu omwe unkafuna kuwatsekereza.

Tsopano pali nkhani imene ndikufuna muimvetse musanafike kumudziko, chifukwa ikhoza kukupwetekani mtima. Umboni weniweni wa ubale ndi buku la mbiri ya banja, lotchedwa zupu kapena jiapu, limene limasungidwa ndi akuluakulu kapena m'nyumba yokumbukiramo makolo. Mukatsegula mumaona mizere yotsika kuchokera kwa bambo kupita kwa ana ake aamuna, m'badwo ndi m'badwo, ndipo amuna a m'badwo umodzi amagawana chilembo chimodzi m'maina awo, chotengedwa m'ndakatulo imene makolo anaikonzeratu. Mkazi wokwatiwa amalembedwa ndi dzina la banja la kwawo lokha, ndipo m'mabuku akale ana aakazi kawirikawiri salembedwa n'komwe. Kwa ambiri a ife, inu ndinu mdzukulu weniweni kudzera mwa mayi anu, ndipo palibe angatsutse. M'buku limenelo munthu wofunika ndi amalume anu, ndi ana awo aamuna. Ngati amalume alipo, kapena mwana wawo wamwamuna, apite nanu, pakuti iwo ndiwo akuluakulu a kumudzi angavomere msanga kuwalemba. Mabuku ena okonzedwanso masiku ano amalembamo ana aakazi, koma izo zimadalira banja lake. Pa chifukwa chomwecho, mukafuna kuyezetsa DNA ya mzere wa agogo aamuna, woyezedwa akhale amalume, ngakhale kuti ine sindikuona phindu lalikulu pamenepo: imatha kutsimikiza ubale ndi munthu amene mwamupeza kale, koma siitchula mudzi.

Mabuku ambiri otere anawotchedwa pa nthawi ya Cultural Revolution, kuyambira 1966 mpaka 1976, pamene ankaonedwa ngati zotsalira za chikale. Ena anabisidwa m'madenga ndi m'makoma, ena anapulumukira kwa achibale a ku Hong Kong ndi kunja, ndipo kuyambira m'ma 1980 mabanja ambiri anayambanso kuwalemba. Laibulale ya ku Shanghai ili ndi mabuku otere ochuluka zedi, ndipo inatsogolera ntchito yolemba kaundula wa mabuku oposa 52,000. Bungwe losunga mbiri za mabanja la FamilySearch nalo lili ndi zithunzi za ambiri pa intaneti, zoonedwa mwaulere. Komabe buku la kamudzi kakang'ono nthawi zambiri silipezeka m'malaibulale. Limakhala m'kabati mwa nkhalamba ina kumudzi komweko.

Musanakwere ndege, lemberani kalata ya Chitchaina ku ofesi yoona za Atchaina okhala kunja ya m'bomalo, kapena ku bungwe la Atchaina obwerera kwawo kuchokera kunja lotchedwa qiaolian, muikemo chithunzi cha mwala, dzina la agogo ndi zaka zawo. Iwo amatha kufunsa kwa atsogoleri a mudzi. Alipo makampani ochita ntchito imeneyi molipiritsa, ndipo ndalama yake ndi yaphindu pokhapokha mutawapatsa zilembo zija. Womasulira wanu akhale wodziwa chilankhulo cha m'deralo, chifukwa okalamba a ku Taishan amayankhula mosiyana ngakhale ndi a ku Guangzhou. Nthawi yabwino ndi ya Qingming, cha pa 4 kapena 5 Epulo, pamene mabanja amabwerera kukalambula manda ndipo mumapeza anthu ambiri pamodzi. Tengani zipatso ndi zithunzi za banja lonse la kuno, ndipo munene poyambirira penipeni kuti simunabwerere nyumba kapena malo, popeza mantha amenewo amatseka pakamwa anthu.

Chomaliza, kambiranani ndi mayi anu musanayambe. Amuna ambiri ankachoka kwawo atakwatira kale, ndipo mkazi ankatsala kumudzi akusamalira apongozi, mwina ndi mwana wobadwa bambo atapita kapena wongoleredwa kuti mzere usafe. N'kutheka kuti m'bukumo, pambali pa dzina la agogo, mudzapeza dzina la mkazi wina, ndipo anthu odzakulandiraniwo adzakhala zidzukulu zake, amene anakula akumva kuti gogo wawo anapita ku Africa n'kusiya kutumiza makalata. Mayi anu ayenera kusankha okha ngati akufuna kumva zimenezo, ndipo muwafunse iwo asanaone tsamba limenelo pa foni yanu.