Kavalo amadziwa kuti mukumuopa

Achemwali ena andilembera kuti apeza ntchito yosamalira akavalo pa famu ina kufupi ndi Johannesburg, koma akangolowa m'khola miyendo imanjenjemera. Akufunsa ngati angoisiya. Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa kutali.

Ine ndinakula ndi mbuzi ndi ng'ombe. Kwathu akavalo ndi osowa, chifukwa kashembe ndi matenda ena amawapha, moti ambiri timangowamva kuti ali pa phiri la Zomba kapena ku Kande, komwe alendo amakwera. Nditayamba ntchito ya m'khola ku Joni, ndinakumana ndi kavalo wamkazi wofiirira amene ankati ndikamuyandikira, amatsamira makutu kumbuyo n'kuponda pansi mwamphamvu. Ndinkapuma mothamanga, manja thukuta lokhalokha, iye n'kumaipiraipira. Bambo wina wachikulire wa ku Lesotho, amene anabadwira pa msana pa kavalo, anandiuza kuti ndisamugwire n'komwe. Ndizingoima pafupi ndi phewa lake ndikupuma pang'onopang'ono mpaka iye atsitse mutu. Tsiku limene anautsitsa n'kuyamba kunyambita milomo, misozi inalengeza m'maso mwanga.

Bambo aja ndi amene anandiphunzitsa kuti nyama yolemera makilogalamu 500 imeneyi ndi yamantha kuposa ife. Kutchire kavalo amadyedwa. Maso ake ali m'mbali, amaona pafupifupi mozungulira konse, kupatula kutsogolo kwenikweni kwa mphuno ndi kumbuyo kwa mchira. Mukatulukira kumeneko mwadzidzidzi, mwendo umabwera musanaganize. Mu 2016 akatswiri a pa University of Sussex ku England anapeza kuti akavalo akaona chithunzi cha munthu wokwiya, mtima wawo umagunda mofulumira. Ndiye mungamubisire bwanji mantha anu?

Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anthu amene amati "limbani mtima, mumukwapule adziwe bwana ndani". Ayi. Kavalo womenyedwa amamvera lero, mawa akuthyolani nthiti. Ndipo zimandiwawa chifukwa ambiri a ife tinaleredwa choncho, ndi ndodo, n'kukula tikuopa aliyense waudindo. Ine m'khola ndi mmene ndinaphunzirira kuima mowongoka popanda kukalipa, ndipo khalidwe limenelo linanditsatira mpaka pokambirana malipiro ndi abwana, ngakhalenso kunyumba polankhula ndi ana anga.

Ndimakondanso kukumbukira Lis Hartel, mayi wa ku Denmark amene anali katswiri wokwera akavalo. Poliyo anamupuwalitsa miyendo mu 1944, koma mu 1952 ku Helsinki anapata mendulo ya siliva pa masewera a Olympic, ali wofunika kumunyamula pokwera ndi potsika kavalo. Nkhani yake inathandiza kuti kukwera akavalo kuyambe kugwiritsidwa ntchito pothandiza anthu olumala.

Tsono muchite chiyani?

Ntchito musaisiye msanga. Auzeni akuluakulu anu poyera kuti ndinu watsopano, akupatseni kavalo wofatsa woti muyambe naye. Muziyandikira kuphewa, mukulankhula, osati kumbuyo. Yang'anani makutu nthawi zonse. Chingwe musachikulunge padzanja, ndipo valani nsapato zolimba. Yambani ndi burashi ndi chakudya, kukwera kubwere pambuyo. Koma akakukakamizani kulowa nokha kwa kavalo amene amaluma kapena kumenya anthu, kanani, ngakhale abwana akwiye.