Ngati mafutawo ndi abwino, bwanji boma limachita kukakamiza?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yokhala ndi mafunso awiri. Akuti ngati ethanol ndi biodiesel (mafuta a galimoto opangidwa makamaka kuchokera ku mbewu) komanso magetsi sizitulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko, n'chifukwa chiyani maboma amachita kukhazikitsa malamulo m'malo mosiya anthu asankhe okha? Nanga mwa njira zomwe maboma amatsata, yothandiza kwenikweni ndi iti?

Zikomo pondilembera. Funso loyambalo silivuta. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a carbon dioxide, ya dizilo pafupifupi 2.7. Koma ndalama zomwe mumapereka pothira mafuta sizilipira chilichonse pa zomwe mpweyawo umawononga. Kuonjezera apo, mainjini, mafakitale oyengera mafuta ndi malo othirira zonse zinapangidwira petulo ndi dizilo kwa zaka zoposa 100. Mafuta atsopano akangosiyidwa kuti apikisane okha, amagonja asanayambe n'komwe.

Funso lachiwirili ndiye lofunika kukhalira pansi.

Njira yomwe maboma ambiri amaikonda ndi kulamula kuti petulo kapena dizilo azisakanizidwa ndi mafuta ochokera ku mbewu. Brazil inayamba pulogalamu yake yopanga ethanol kuchokera ku nzimbe, yotchedwa Proálcool, mu 1975, mafuta atakwera mtengo padziko lonse mu 1973. Nkhawa yawo panthawiyo sinali nyengo ayi, inali ndalama zakunja zomwe zinkathera kuitanitsa mafuta pamene nzimbe zinali mbwee m'minda. Zinayenda bwino mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene shuga anakwera mtengo, mafakitale n'kuthamangira shugayo, eni magalimoto oyendera ethanol yekha n'kutsala manja ali m'khosi. Chidaliro chinabwerera mu 2003 atayamba kugulitsa magalimoto otha kuyendera petulo, ethanol kapena zonse zosakaniza. Pofika 2015, petulo wa ku Brazil ankasakanizidwa ndi ethanol wokwana 27 peresenti.

America nayo inakhazikitsa lamulo la Renewable Fuel Standard mu 2005, n'kulikulitsa mu 2007. Ankafuna magaloni 36 biliyoni a mafuta oterewa pa chaka pofika 2022, ndipo 16 biliyoni mwa amenewo amayenera kuchokera ku mapesi, udzu ndi zinyalala za mitengo. Mafakitale opanga mafuta a mtundu umenewu sanakule monga ankayembekezera, moti bungwe la boma loona zachilengedwe la EPA linkangotsitsa chiwerengerocho chaka ndi chaka. Chomwe chinakula ndi ethanol wa chimanga, yemwe amatenga gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a chimanga chonse cha dzikolo.

Vuto langa ndi malamulo oterewa ndi lakuti amawerenga malita, sawerenga mpweya. Ethanol wa nzimbe wopangidwa pa fakitale yomwe imasonkhera moto zotsalira za nzimbe zomwezo ndi wosiyana kutalitali ndi ethanol wa chimanga chothiridwa feteleza wambiri n'kukaphikidwa ndi malasha. Koma pa pepala la boma onse amalembedwa kuti ethanol basi. Ndipo munda wa chakudya ukasanduka munda wa mafuta, chakudyacho chimakalimidwa kwina, nthawi zina pamalo pomwe panali nkhalango. Mayiko a European Union anazionera okha zimenezi. Mu 2009 anagwirizana kuti pofika 2020, 10 peresenti ya mphamvu zoyendetsera magalimoto izichokera ku zinthu zosatha. Biodiesel wambiri anayamba kupangidwa ndi mafuta a palm (mtundu wina wa kanjedza), omwe ulimi wake wagwetsa nkhalango zochuluka ku Indonesia ndi Malaysia. Mu 2015 anaika malire akuti mafuta ochokera ku mbewu zodyedwa asapitirire 7 peresenti, kenaka anagamula kuti pofika 2030 mafuta a palm asamawerengedwenso ngati ochokera ku zinthu zosatha.

Ine mtima wanga uli pa njira ya ku California, chigawo china cha America, yotchedwa Low Carbon Fuel Standard. Bwanamkubwa Arnold Schwarzenegger anailamula mu 2007 ndipo inayamba kugwira ntchito mu 2011. Boma silitchula mafuta oti anthu agule. Limangoyeza magalamu a mpweya omwe mtundu uliwonse wa mafuta umatulutsa pa mphamvu yofanana, kuyambira kumunda kapena kuchitsime, kudutsa kufakitale ndi pamsewu, mpaka mu injini. Kenaka limaika mulingo womwe umatsika chaka chilichonse. Kampani yogulitsa mafuta opitirira mulingowo imakhala ndi ngongole, ndipo imaibweza pogula ma credit, omwe ali ngati ziphaso zosonyeza mpweya wopewedwa, kwa omwe mafuta awo ali pansi pa mulingo. Choncho ndalama zimachoka kwa woipitsa kupita kwa wopanga mafuta abwinoko, osadutsa m'thumba la boma. Zotsatira zake, dizilo wopangidwa kuchokera ku mafuta ophikira otha ntchito ndi mafuta a nyama anachuluka, magetsi otchajira magalimoto nawonso n'kumapeza gawo lawo. Zigawo za Oregon ndi Washington ku America komanso British Columbia ku Canada zili ndi malamulo ofanana nalo.

Musaganize kuti ilibe zilema. Manambala aja amachokera m'makompyuta a akatswiri, ndipo kampani iliyonse imalimbana kuti mafuta ake apatsidwe nambala yotsika. Mafuta ophikira otha ntchito atayamba kufunidwa kwambiri, panabuka kukayikira kuti ena akugulitsa mafuta atsopano ponamizira kuti ndi akale. Boma lopanda anthu okwanira oyendera mafakitale ndi kufufuza mabuku lingangopusitsidwa. Komanso mtengo wa ma credit aja umakagwera woyendetsa galimoto ndithu, kungoti sauona utalembedwa pa lisiti.

Msonkho wa pa mpweya, womwe akatswiri a zachuma amaukonda, Sweden yakhala nawo kuyambira 1991. Koma France itafuna kukweza msonkho wa mafuta mu 2018, anthu ovala majekete achikasu anadzaza misewu mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Norway inadzera kwina: inachotsa misonkho ikuluikulu pa magalimoto amagetsi, ndipo mu 2023 magalimoto atsopano oposa 80 peresenti ogulitsidwa kumeneko anali amagetsi. Kumbukirani kuti magetsi awo pafupifupi onse ndi ochokera ku madzi. Dziko lodalira malasha likatengera njira yomweyo, mbali ina ya utsi imangosamuka pamsewu n'kukatulukira pa fakitale yopanga magetsi.