Za malaya aja, asuweni

Eee, asuweni, mwadzuka bwanji? Uthenga wanu wa usiku uja ndaumva. Mwati, "Chithunzi chija mwavala malaya ofanana pa boma, kodi mwalowa chipani?" Hahaha. Funso lanu si limenelo ayi, ine ndimakudziwani. Inu mukufunsa kuti akandichotsa ntchito, fizi ya mtsikana wathu wa Fomu 3 uja alipira ndani. Nenani zoona. Chichitikireni za munda wa kudambo zija, mukangonunkhiza vuto mumayamba kuwerenga za m'thumba mwa anzanu.

Dikirani ndiphule poto... eya.

Mwandikumbutsa malemu amalume, bambo anu aang'ono aja. Mukukumbukira referendamu ya 1993? Ayi, inu munali kumsana, mukuyamwa. Pa 14 June paja anthu ankasankha nyali kapena tambala wakuda, nyali ya matipate, tambala wa chipani chimodzi. Ndiye amalume anali ndi tambala wakuda weniweni pakhomo, chitambala. Masana akamadutsa a Youth, ankamutulutsa pabwalo n'kumamuwazira chimanga, khadi la chipani likusuzumira dala m'thumba la malaya. Makhadi anagulira aliyense, mpaka mwana amene anali m'mimba mwa azakhali. Koma usiku akabwera aphunzitsi aja okonda kunong'ona za matipate, amalume ankayatsa nyali n'kuiika pawindo, chonsecho ife tikapempha palafini wowerengera ankati wadula. Ndiye wailesi italengeza kuti nyali yapambana... ayi ndanama, sanadikire n'komwe kuti amalize kulengeza. Anangoti, "Mwana iwe, tenga mpeni." Tinamudya tambala uja ndi nsima ya mgaiwa, agogo akuseka mpaka kutsamwa. Chaka chotsatira tinangoona avala zachikasu. Ndipo bokosi lawo lachitsulo lija titalitsegula pamaliro, paja munalipo, nsalu za zipani zonse zili mmenemo, zopinda bwinobwino, ina pamwamba pa inzake. Ankadziwa kumene mphepo ikulowera, munthu ameneuja.

Ndimati chiyani kodi? Eya, malaya.

Linali tsiku la ogwira ntchito zachisamaliro cha anthu padziko lonse. Limakhala Lachiwiri lachitatu la Marichi, mu 2025 linagwa pa 18. Tinakumana ife a Social Welfare, a m'mabungwe, ma CPW (oteteza ana) ochokera kumidzi, ena a ku Victim Support ya polisi, mpaka anzanga amene tinkadyera limodzi nyemba ku koleji ya Magomero. Paja munamva kuti mu Januwale 2025 Trump anaimitsa thandizo la USAID, bungwe la boma la America lija. Anzathu ena a m'mabungwe anangouzidwa kuti bakhalani kunyumba, milandu ya ana imene ankayendetsa n'kutsalira ife. Patebulo panga pano mafayilo ndi mulu, njinga yamoto ili chiimire, mafuta palibe. Sabata yatha ndinakwera kabaza ndi ndalama yanga kukachotsa mwana wa zaka 14 kubanja. Zaka 14, asuweni, pomwe kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati ukwati ndi zaka 18. Ndinamupeza akutsuka mbale za apongozi, yunifolomu ya sukulu ataisandutsa chokolopera.

Kwinaku chisankho chinali kubwera pa 16 September 2025, ndipo ena anali atayamba kale kuopseza agogo a Mtukula Pakhomo kuti mukavotera uje ndalama zanu zitha. Bodza. Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006, nthawi ya Bingu, wadutsa kwa Amayi Joyce Banda, kwa Peter Mutharika, mpaka kwa Chakwera.

Ndiye tinati tizilankhula mawu amodzi. Ukadandaula wekha amati ndiwe wotsutsa boma, mawa lake wamva wasamutsidwira komwe netiweki umakaipeza pachulu. Koma bungwe lathu la ASWiM, la ogwira ntchito zachisamaliro cha anthu m'Malawi muno, lilipo, ndipo tikakhala pamodzi, aliyense wofuna mpando timuuza zofanana: lembani antchito okwanira, ikani mafuta m'njinga, lamulo loteteza ana la 2010 lija lisamangogona m'kabati. Ndipo musandilembere zoti mutu umodzi susenza denga, ndikudziwa zala zayamba kale kuyabwa.

Ndiye amalume ankasunga tambala ndi nyali, kudikira wopambana. Ife ayi, wopambana aliyense adzatipeza tikunena zomwe tikunena lerozi. Ndibwereze, poti inu mumamva ndi khutu limodzi: sindinalowe chipani, tangogwirizana antchito tokhatokha kuti zonena zathu zisamasinthe ndi mtundu wa nsalu.

Fizi ndalipira kale theka, mtima m'malo. Inu tumizani ya nsapato pa Airtel Money lisanafike Lachisanu, zija anavala pa Khirisimasi zala zikutuluka. Ndipo musamuuze mayi kuti ndakwera kabaza mtunda wonse uja, angayambe za msana wanga.